Guwa Lomangira Mlendo Mmodzi

Ku Huaquechula, m'chigawo cha Puebla ku Mexico, banja lomwe laferedwa m'chakacho limatulutsa katundu pabalaza kumapeto kwa Okutobala kuti pamangidwe guwa la malemu, amene amati mzimu wake udzacheza kwawo pa masiku a akufa, 1 ndi 2 Novembala. Guwalo limasanjikizana katatu mpaka kuyandikira denga, lonse lokutidwa ndi nsalu yoyera ya satini. Thukuta la mmisiri limagwera pansalupa: kuikunga, kuipinda makwinya, kuimanga ndi mapini, mpaka thabwa lililonse litabisika.

Chimene ine ndimachigomera ndi kaikidwe ka chithunzi cha malemu. Sachiika moyang'anana ndi anthu ayi. Amachitembenuza kuti wobwera achione kudzera pa kalirole. Nkhope ukuiona bwinobwino, koma ukatambasula dzanja ukhudza galasi lokha. Mmisiri akalakwitsa kupendeketsa kaliroleyo ngakhale pang'ono, mlendo amangodziona yekha, ntchito yonse ya satini ija n'kusanduka chokongoletsa wamba.

Komatu mmisiri sangamalize guwa payekha. Pansanja yam'munsi pamaikidwa zimene malemu ankakonda: msuzi wa mole, buledi wotchedwa pan de muerto, zipatso, mowa kapena fodya ngati ankasuta. Izi amazidziwa ndi wamasiye, ana ndi adzukulu. Iwo ndiwo amayala timasamba ta maluwa achikasu a cempasúchil kuchokera kumsewu kufika pakhomo, n'kufukiza utomoni wa copal kuti fungo litsogolere mzimu. Guwa lokongola koma lopanda mbale yomwe malemu akanaizindikira, kwa ine ndi lolephera.

M'chigawo chomwecho muli San Salvador Huixcolotla, kwawo kwa papel picado, mapepala opyapyala amitundumitundu omwe amalendewera pamwamba pa maguwa m'dziko lonselo. Amisiri amasanja mapepala ambiri pamodzi, n'kuwaboola ndi titchizulo ndi hamala potsata chojambula chapamwamba. Nzeru yagona pa zimene asiya osadula. Fupa lililonse, duwa lililonse liyenera kugwirana ndi linzake ndi kamzere kopyapyala, apo ayi chithunzi chonse chimathothoka. Masiku ano ambiri ndi apulasitiki. Amapirira mvula, zoona, koma sanjenjemera mofanana ndi pepala kukadutsa kamphepo, pomwe ambiri amati pepalalo limaimira mpweya paguwa.

Mu 2008 bungwe la UNESCO linalemba mwambo wa masiku a akufa pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse. Mu 2015 filimu ya James Bond yotchedwa Spectre inaonetsa perete wa mafupa mumzinda wa Mexico City, ndipo chaka chotsatira akuluakulu a mzindawo anayambitsadi perete wotere. Sindidana naye, amisiri oumba zidole za mapepala amapezapo ntchito. Chondidandaulitsa n'chakuti alendo ambiri amabwerera kwawo akuganiza kuti lusoli ndi zimphona za mumsewu, zomwe sizimaimira munthu aliyense. Yerekezani ndi kachibade ka shuga kogulitsidwa pa msika wa zoumba za shuga zotchedwa alfeñique ku Toluca: kamakwana m'dzanja, ndipo pamphumi pake amasiyapo malo oti palembedwe dzina la munthu amene wogulayo akumudziwa.