Ana a pa Nyanja ndi Ana a ku Mtunda

Pakati pa zithunzithunzi za kanema zimene anthu aonera masiku ano pali mtundu wina umene sufotokoza nthano yopeka, koma uonetsa zinthu zimene zinacitikadi, ndipo anthu ooneka m'menemo sali ocita sewero iai. Cimodzi ca izo ndico Morning Light, cimene cinatuluka ku America m'caka ca 2008. M'cinenero cathu dzinali tingati kuwala kwa m'mamawa, ndipo ndilo dzina la ngalawa ya matanga imene acinyamata anapikisana nayo pa nyanja yaikuru ya Pacific. Kapena wina adzafunsa kuti, kodi ife a ku Lusaka, amene dziko lathu liribe gombe la nyanja yamcere, tipindulanji ndi nkhani ya amalinyero? Tipindula ndithu, pakuti cimene ciri pakati pa nkhaniyi ndico kusankhidwa ndi kusiyidwa, ndipo palibe munthu wotsiriza sukulu amene sadziwa kuwawa kwa zimenezi.

Mwini nchitoyi anali Roy E. Disney, mwana wa mbale wake wa Walt Disney, munthu wacuma amene anakonda kuyenda pa nyanja kufikira ukalamba wake. Iye anafuna kuona ngati acinyamata angathe kupikisana ndi akatswiri pa mpikisano wochedwa Transpac, umene unayamba m'caka ca 1906 ndipo ucitika kamodzi pa zaka ziwiri. Ngalawa zinyamuka ku Los Angeles ndi kukatsiriza ku Honolulu, pa zisumbu za Hawaii, mtunda wopitirira makilomita 4,000. Kumeneko ndiko ngati kuyenda ulendo wa ku Chipata kucokera ku Lusaka kasanu ndi kawiri, wopanda injini, wopanda mudzi wogonapo, kudalira mphepo yokha. Anthu oposa 500 anapempha malo, koma anatengedwa 15 okha, a zaka za pakati pa 18 ndi 23. Iwo anaphunzitsidwa miyezi isanu ndi umodzi ku Hawaii, ndipo pa anthu 15 aja, 11 ndiwo anakwera ngalawa m'mwezi wa July 2007. Mtsogoleri wao anali Jeremy Wilmot, mnyamata wa ku Australia. Wolongosola cithunzithunzico ndiye Mark Monroe.

Tiyambe ndi zabwino. Ngalawa itacoka pa doko, cithunzithunzici cikhala ca mphamvu zedi. Tiona ana aja alikusinthana maulonda usana ndi usiku, kugona maola owerengeka m'malo opanikiza ndi onyowa, kudya cakudya couma cothira madzi otentha, ndi kukoka zingwe mu mdima pamene mafunde alikumenya. Ngalawayo kutalika kwake ndi mamita 16 cabe, kotero palibe pobisala. Waulesi aonekera tsiku loyamba lomwe, ndipo wodzikuza acepetsedwa ndi nyanja. Apa mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga uoneka ndi maso, cifukwa wogwira tsigiro sangacite kanthu ngati wosamala matanga aodzera.

Cina cokondweretsa ndi nzeru ya kusankha njira. Pakati pa California ndi Hawaii pali dera lalikuru limene mphepo iomba pang'ono. Wofuna njira yacidule angalowe m'deralo ndi kuima masiku, ngalawa iri duu ngati citsa. Wozungulira kumwera atalikitsa ulendo, koma apeza mphepo yokhazikika yomkankha kumbuyo. Tsono acinyamata aja anayenera kudzisankhira okha, aphunzitsi ao ali kutali. Mphindi yoposa zonse ifika pamene, pakati pa nyanja yopanda malire, aona ngalawa ina yochedwa Samba Pa Ti, yoyendetsedwa ndi akatswiri, iri pafupi nao. Pamenepo woonera aiwala kuti ali pa mpando. Potsiriza ana aja sanapambane, anafika acitatu m'gulu lao, ndipo ncabwino kuti opanga cithunzithunzi sanabise zimenezo.

Koma pali zirema ziwiri zimene sitiyenera kuzilekerera. Coyamba ndi cakuti theka loyamba lithamanga kwambiri. Nkhope 15 zidutsa msanga, yense anena mau awiri atatu onena za maloto ake, nyimbo zaphokoso ziri kulira, ndipo tisanadziwe kuti uyu ndani, tapita kale kwa wina. Munthu sungamvere cisoni mlendo amene sunamdziwe. Cifukwa ca ici, pofika nthawi yosankha 11 aja, mtima wa woonera sugunda monga unayenera kugunda. Wokamba nthano wa pa mudzi adziwa bwino kuti kalulu ayenera kudziwika makhalidwe ake asanagwe m'mbuna.

Cirema caciwiri ndico cacikuru. M'gulu lija munali mnyamata wakuda wa ku Baltimore, Steve Manson, amene sanakulire m'banja la eni ngalawa, ndipo ngakhale kusambira kunambvuta poyamba. Iye analimbikira pa maphunziro onse, koma pa tsiku losankha sanasankhidwe. Mnyamata ameneyu ndiye anayenda ulendo wautali koposa anzake onse, pakuti anayambira kutali. Koma ngalawa itanyamuka, cithunzithunzi cimsiya, ndipo sicifunsa funso limene liri poyera, lakuti kodi mpikisano uli wolungama pamene wina anayamba kugwira tsigiro ali mwana, ndipo wina anaiona nyanja atakula kale? Ndiponso sicinena za ndalama. Ngalawa yotere, aphunzitsi ochuka, nyumba ndi cakudya ca miyezi isanu ndi umodzi, zonsezi zinalipidwa ndi munthu mmodzi wolemera. Woonera wosacenjera angaganize kuti khama lokha ndilo linawafikitsa ku Honolulu.

Inu owerenga a mu mzinda uno mudziwa bwino nkhani imeneyi. Mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands ndi mwana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone alemba mayeso amodzimodzi, ndipo onse awiri angakhale ndi nzeru zofanana. Koma wina anakula ndi mabuku m'nyumba ndi amalume odziwana ndi eni nchito, pamene mnzake ayenda ndi makalata ake m'manja, kukwera ndi kutsika Cairo Road, kugogoda pa maofesi. Tikamuuza waciwiriyu kuti limbikira cabe, tamuuza zoona, koma theka lake lokha. Cithunzithunzi cimene cionetsa khama ndi kubisa thumba la ndalama cimnamiza mwana wosauka, cifukwa akalephera adzayesa kuti colakwa ciri mwa iye yekha.

Kuti tione bwino kusowa kumeneku, tiyerekeze ndi cithunzithunzi cina cochedwa Maiden, ca m'caka ca 2018, colongosoledwa ndi Alex Holmes. Ico cifotokoza za Tracy Edwards, mtsikana wa ku England amene anacotsedwa sukulu, nayamba nchito yophika m'ngalawa, ndipo m'zaka za 1989 ndi 1990 anatsogolera akazi okhaokha pa mpikisano wozungulira dziko lonse wa Whitbread. M'menemo ndalama sizibisika. Tiona makampani alikumkana, iye alikuika nyumba yake cikole kuti agule ngalawa yakale, kufikira Mfumu Hussein ya ku Jordan inamthandiza. Tionanso ukali wake ndi mikangano yake ndi anzake. Akazi aja anapambana zigawo ziwiri za ulendowo, natsiriza aciwiri m'gulu lao. Maiden ciposa Morning Light cifukwa cionetsa mtengo wa cinthu pamodzi ndi kukoma kwake.

Komabe tisaweruze mopitirira. Mbeu imene Roy Disney anafesa inamera, ngakhale iye anamwalira m'caka ca 2009 asanaone zipatso zonse. Awiri a ana aja, Charlie Enright ndi Mark Towill, anapitiriza nchito ya pa nyanja, ndipo m'caka ca 2023 Enright anatsogolera ngalawa imene inapambana mpikisano wozungulira dziko lonse wochedwa The Ocean Race. Ici citsimikiza kuti wacinyamata akapatsidwa cida cabwino, mphunzitsi wabwino, ndi ufulu wa kulakwa ndi kudzikonza, afika patali. Phunziro limeneli lipite kwa akuruakuru athu amene ali ndi cuma ndi maudindo, pakuti ambiri a iwo afuna wanchito wozolowera kale, osafuna kumzoloweretsa.

Ndipo tisayese kuti nkhani za pa madzi ziri za azungu okha. Asodzi a kapenta pa Kariba ndi ku Mpulungu agona pa madzi usiku wonse. Pa mwambo wa Kuomboka amuna ambirimbiri apalasa Nalikwanda ndi nkhafi zao mogwirizana, kucokera ku Lealui kunka ku Limulunga. Abale athu a ku Malawi adziwa ukali wa mphepo ya mwera pa nyanja yao. Onsewa ali ndi nkhani za mantha, za luso ndi za kusankhana, zimene zidikira munthu wozijambula. Lero lamya ya m'manja ijambula zithunzi zoyenda, kotero wotsiriza sukulu amene ali ndi diso ndi kudekha angayambe.

Tsono cithunzithunzi ca Morning Light muciwone mukacipeza, makamaka theka lake laciwiri. Koma poonera muwerenge anthu amene ali m'ngalawa, ndipo mukumbukire anai aja amene sanasankhidwe, mudzifunse kuti anatsala cifukwa ninji.