Msyamboza wa a Ntara ndi Funso la Kusindikizanso Mabuku Akale

Colinga ca nkhani ino ndi kusonyeza kuti buku la Msyamboza, lolembedwa ndi a Samuel Josia Ntara, liyenera kusindikizidwanso m'cinenero cimene mlembiyo analilembera, ndiponso kuti nchitoyo igwiridwe mosamala. Dzina la a Ntara limachulidwa kawirikawiri m'makalasi, koma ophunzira ambiri amene amalichula sanagwirepo bukuli m'manja.

A Ntara anabadwa mu 1905 ndipo anali mphunzitsi wa Mishoni ya Dutch Reformed ku Nkhoma. Buku lawo la Nthondo linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures ndipo linasindikizidwa mu 1933. M'busa T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi mu 1934 pa mutu wakuti Man of Africa, ndipo mu 1949 anatulutsa Msyamboza pa mutu wakuti Headman's Enterprise. Vuto loyamba lagona pamenepa: ofufuza ambiri a mbiri yakale anamdziwa Msyamboza kupyolera m'Cingerezi ca Young, osati m'Cicewa ca a Ntara.

Msyamboza anali munthu weniweni, mfumu ya mudzi wa Chibanzi pafupi ndi Kongwe m'boma la Dowa, ndipo anamwalira mu 1926. Moyo wake unadutsa m'nyengo ya nkhondo za Angoni, malonda a minyanga ndi akapolo, ndi kufika kwa amishoni ndi atsamunda. Zambiri mwa izi zinacitika a Ntara asanabadwe. Iwo anazimva kwa akuluakulu, naika mau m'kamwa mwa anthu a m'nkhaniyo, nalumikiza zocitikazo mwa luso la wokamba nthano. Cotero bukuli liyenera kuwerengedwa monga mbiri yoombedwa ndi mmisiri, ndipo mmisiriyo timuone pamodzi ndi mkeka wake.

Mphamvu ya bukuli ili pa kaonetsedwe ka mfumu ya Acewa. Msyamboza sali ngati tsamba louluzika ndi mphepo ya alendo. Ndi mlenje wa njovu, wamalonda, ndiponso mlimi woyesa mbeu zatsopano monga tirigu, munthu amene amayeza cinthu asanacilandire. Cofooka cake n'cakuti njira yonse ya nkhani imapendekera ku kutembenuka mtima kwa mfumuyo, kotero kuti zaka zake zoyamba zimaoneka ngati usiku woyembekezera m'bandakuca. Ici sicidabwitsa kwa mlembi wophunzitsidwa ndi kulembedwa nchito ndi mishoni, koma wowerenga wa lero ayenera kucizindikira.

Wina angafunse kuti nkhani ya ku Dowa ikukhudza bwanji ife a kuno ku Zambia. Yankho tingalipeze ku Chadiza. Anthu a mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, amene ali pansi pa Kalonga Gawa Undi, ndi Acewa omwewo. Makolo awo anakumana ndi Angoni a Mpezeni monga momwe a ku Dowa anakumanirana ndi a Chiwere, ndipo amishoni a Dutch Reformed anakhazikika pa Nsadzu mu 1908. Bungwe la Publications Bureau, lokhazikitsidwa mu 1948, linkasamalira mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi. Kupatukana kunakula pambuyo pa ufulu, makamaka mu 1968 pamene Malawi anacha cinenerocho Cicewa, ife n'kusunga dzina lakuti Cinyanja. Kuyambira pamenepo a Ntara anayamba kuoneka ngati mlembi wa kwa eni, ngakhale mwana wa ku Chadiza angawawerenge popanda womasulira.

Kusindikizanso buku lakale kuli ndi malamulo ake. Citsanzo cabwino ndi Mhudi wa Sol Plaatje, amene anatuluka ku Lovedale mu 1930. Pamene Stephen Gray anamkonzera kampani ya Heinemann mu 1978, anabwerera ku zolemba za mlembi mwini nabwezeretsa ndime zimene zinacotsedwa. Potsata citsanzo cimeneci, tikupereka mfundo zitatu.

Poyamba, mkonzi ayambire pa kope loyambirira la Cicewa, aliyerekeze ndi Cingerezi ca Young, ndi kuonetsa poyera pamene awiriwa asiyana. Kaciwiri, kalembedwe ka mau kasasinthidwe mwacisawawa. Mbiri ya Acewa ya a Ntara inatuluka ndi cilembo c pamene Amalawi a lero amalemba ch, ndipo malamulo a kalembedwe a Zambia a mu 1977 anasunga c yemweyo. Kukonza zilembo n'kotheka, koma kucotsa mau akale poganiza kuti ndi olakwa n'kuononga umboni umene wofufuza za cinenero amaufuna. Kacitatu, bukuli likhale ndi mau oyamba ofotokoza malo a mlembi pakati pa mishoni ndi mudzi, ndiponso mndandanda womasulira mau a ulenje ndi a malonda amene acinyamata sawamvanso.

Nchito imeneyi ifunika cilolezo ca eni ufulu wa bukuli, ndi mgwirizano wa akatswiri a ku Lusaka ndi a ku Zomba. Ikazengerezedwa, makope otsala adzadyedwa ndi ciswe, ndipo ana a Acewa adzatsala ndi Msyamboza wolankhula Cingerezi basi.