Munthu woyamba amene kaundula ankamudziwa kale

Ndangomaliza kuwerenga The First Man, buku lomaliza la Albert Camus, ndipo sabata yonseyi lakhala likundizungulira m'mutu. Ndinawerenga lomasuliridwa m'Chingerezi, poti Chifalansa changa chimathera pa moni. Ndinene msanga kuti ndalikonda, chifukwa zina zimene ndinene kutsogoloku zimveka ngati ndikulinyoza.

Pa 4 Januwale 1960, Camus anafa pa ngozi ya galimoto ku France ali ndi zaka 46. M'chikwama chake, chimene anachitola pamalo a ngoziwo, munali masamba 144 olembedwa pamanja, nkhani yosatha. Inakhala m'nyumba zaka 34 mpaka pamene mwana wake wamkazi, Catherine, anaitulutsa mu 1994. Kusathako kumaoneka. Pena wolembayo amaiwala dzina lopeka limene wapatsa munthu n'kulemba dzina lake lenileni. Ine zimenezi zinandisangalatsa, zili ngati kumupeza munthu wotchuka ali pa kabudula kuseri kwa nyumba.

Nkhani yake njosavuta. Jacques Cormery, yemwe ndi Camus yemweyo atangosintha malaya, ali ndi zaka 40 ndipo akupita kukaona manda a bambo ake ku Saint-Brieuc. Sakupita chifukwa cha chikondi ayi, akungokwaniritsa zimene mayi ake anamupempha. Bambowo anavulazidwa pa nkhondo ya ku Marne mu 1914 n'kumwalira iye asanakwanitse chaka. Ataima pamandapo akuwerenga zaka ziwiri zolembedwa pamwala, mutu wake n'kuchotsera wokha: 29. Wagona pansipo ndi wamng'ono kwa mwana wake. Abale, masamba amenewa ndinawabwereza katatu. Palibe kulira, palibe kudziguguda, ndi masamu a sitandade 2 basi, koma amakugwira pakhosi.

Kuchokera apo akuyamba kufufuza. Akubwerera kwawo ku Algeria, dziko limene France inalilowa mu 1830 n'kudzazamo anthu ake. Akufunsa mayi ake, omwe sadziwa kuwerenga komanso samva bwino, ndipo mayankho awo ndi "eya" ndi "kaya". Chimene chilipo m'nyumbamo ndi kachitsulo ka bomba kamene a chipatala anachotsa m'mutu mwa malemuwo, kosungidwa m'chitini cha mabisiketi. Pali nkhani imodzi yokha imene banja likukumbuka: tsiku lina bambowo analawirira kukaonerera munthu wopha anzake akudulidwa mutu, ndipo atabwerako anangosanza n'kukagona osalankhula. Cholowa chonse n'chimenecho. Bambowo anakulira kumalo osungira ana amasiye, ndiye ngakhale iwo eni za makolo awo sankazidziwa kwenikweni.

Akupita ndithu kumudzi kumene anabadwira, umene kalelo unkatchedwa Mondovi, pano ndi Dréan. Kumenekonso palibe amene akuwakumbuka bambowo. M'malo mwake akumva mbiri ya amene anatsegula mudziwo: amphawi a ku Paris omwe boma linawatumiza mu 1848 powalonjeza minda, anayenda pa mabwato m'ngalande, kenako pa sitima mpaka ku Bône, n'kukapeza matope ndi kolera. Akuti usiku ankavina kuti magazi atenthe, poganiza kuti matendawo awalambalala, mawa lake ena mwa ovinawo n'kuikidwa m'manda. Apa mpamene Camus akumanga mfundo yake yaikulu: amphawi alibe mbiri, kukumbukira n'kwa olemera amene ali ndi nyumba zosasuntha ndi zithunzi pakhoma, choncho mwana aliyense wa m'dziko limenelo amayamba yekha ngati munthu woyamba.

N'zokoma kumva. Koma kodi n'zoona?

Camus ankakhulupirira, ndipo bukuli likubwereza, kuti makolo a bambo ake anachokera ku Alsace, kuthawa ulamuliro wa Germany itatha nkhondo ya 1870 mpaka 1871. Imeneyi ndi mbiri yolemekezeka, ya anthu osiya kwawo chifukwa chokonda dziko lawo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Herbert Lottman polemba mbiri ya moyo wa Camus anakafunsa mapepala m'malo mofunsa achibale. Kunapezeka kuti bambo a agogo ake aamuna, Claude Camus, anabadwa mu 1809 kudera la Bordeaux, ndipo anali m'gulu la Afalansa oyambirira kukakhala ku Algeria, kalekale nkhondo ija isanachitike. Mwamva? Munthu amene ankati alibe mbiri, mbiri yake inali m'kabati, yolembedwa bwinobwino ndi kalaliki wa boma la atsamunda. Lero akaundula a kubadwa, maukwati ndi imfa a azungu a ku Algeria ambiri amapezeka kumalo osungirako zakale za maiko olamulidwa ndi France ku Aix-en-Provence, ndipo zidzukulu zimawasanthula pa intaneti zili khale pampando.

Sindikunena kuti Camus ananama. Amene anamuuza za Alsace anamuuza zimene iwonso anamva, ndipo kusadziwa kwa banjalo kukutsimikiza theka la mfundo yake: umphawi umafufutadi kukumbukira. Koma theka linalo ndi limene likundivuta. Mzungu wosauka wa ku Algeria, ngakhale agone ndi njala, boma linkamuwerenga ngati munthu wokhala ndi dzina, tsiku lobadwa ndi makolo. Iye akaiwala, pepala linkamukumbukirira. Eni nthaka aja zinali zina. Lamulo la mu 1882 linalamula Asilamu a ku Algeria kuti akhale ndi dzina la banja lolembetsedwa m'njira ya Chifalansa. Mabanja ena anagawikana maina, ena anapatsidwa maina onyoza, ndipo ena pamapepala awo panangolembedwa zilembo zitatu, SNP, kutanthauza wopanda dzina la makolo. Anthu amene ankatha kutchula mzere wa makolo awo pamtima anasanduka oyamba pa pepala.

M'bukuli anthu amenewa alimo, koma m'mbalimbali. Usiku wamvula umene Jacques akubadwa, woyendetsa ngolo ndi Mwarabu, ndipo mmodzi mwa amayi othandiza pa ubereki ndi Mwarabu. Patadutsa zaka 40 akumutengera kwa nkhalamba ina ya pa famu, Tamzal, kuti mwina ingakumbuke bambo ake. Sikukumbuka. Ine pamenepo ndinafuna kuti Jacques atembenuze funsolo kamodzi kokha: nanga inu a Tamzal, bambo anu anali yani, munda wawo unali pati mphesazi zisanabzalidwe? Funsolo silinabwere. Ndi vuto lomwe lija la The Stranger la mu 1942, mmene Mwarabu wophedwayo alibe dzina, mpaka Kamel Daoud anachita kulemba buku lake mu 2013 kuti amupatse dzina lakuti Musa.

Mwina ndikuwerenga ndi diso la kwathu. Agogo anga aakazi pokalembetsa chiphaso cha unzika mu 2017 anachita kuwapekera tsiku lobadwa, chifukwa chimene ankadziwa n'chakuti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kutunga madzi. Koma afunseni za amayi a amayi awo, mukhala pamphasa mpaka dzuwa kulowa. Ndiye ndikamva kuti amphawi sakumbukira, ndimayamba ndafunsa kuti amphawi ake ati.

Komabe ndisamuweruze ngati kuti anamaliza. Ankalemba nkhondo ya ufulu wa Algeria ili mkati, imene inayamba mu 1954 n'kutha mu 1962 iye atapita kale, ndipo mayi ake anali akukhalabe ku Belcourt mu mzinda wa Algiers, kumene mabomba ankaphulika m'misewu. M'timapepala ta malingaliro timene anaika kumapeto kwa bukuli muli pempho lakuti nthaka ibwezedwe kwa osauka, ndipo akuvomereza kuti ambiri mwa osaukawo ndi Aarabu. Zikuoneka kuti ankalowera kumeneko. Mitu yokhudza ubwana wake, mphunzitsi uja amene anakachonderera agogo ankhanza kuti mnyamatayo apitirize sukulu, manyazi amene anamva polemba pa fomu kuti mayi ake ndi wantchito wa m'nyumba, ndi ena mwa masamba abwino kwambiri amene ndawerengapo onena za mwana wosauka wopita kusekondale. Amene tinaphunzira ndi ndalama za mandasi tikudziwa fomu imeneyo.

Bukuli analilembera mayi ake, podziwa kuti sadzatha kuliwerenga. Iwo anali a mtundu wa ku Menorca, chilumba cha Spain, ndipo anamwalira chaka chomwecho cha 1960, miyezi ingapo mwana wawo atapita. Ngati mungalipeze, yambani ndi mutu wa kumanda uja, kenako mukafika pa Tamzal muime kaye pang'ono.