Nyota ndi Mpando: Kalembedwe ka Mbiri za Atsogoleri a Zombo Zankhondo

Alembi a Chicheŵa akakumana ndi mbiri ya munthu amene adatsogolera zombo zankhondo, ambiri amathaŵira ku mawu amodzimodzi: mkulu wa asirikali apamadzi. Mawuŵa amamveka bwino m'khutu, ndipo palibe mkonzi angawadule chifukwa cha kalembedwe kolakwika. Vuto lake n'lakuti amavekedwa aliyense ngati malaya obwereka. Wolamula chombo chimodzi ndi mkulu wa asirikali apamadzi. Woyang'anira zombo makumi atatu nayenso chimodzimodzi. Ngakhale nkhalamba imene idasiya kalekale kukwera chombo, koma dzina lake likadali m'kaundula wa boma, nayonso ndi mkulu. Mwana wasukulu akaŵerenga mbiri yolembedwa chotere amaona munthu amene adayamba ntchito ali mkulu, nakhala mkulu, namwalira ali mkulu. Ulendo wa moyo wake wantchito, umene ndiwo phata la mbiriyo, umafufutika.

Mbiri ya Horatio Nelson wa ku Britain imaonetsa bwino zimene zimatayika. Nelson adabadwa mu 1758 ku Burnham Thorpe, m'chigawo cha Norfolk, ndipo adakwera chombo chankhondo mu 1771 ali ndi zaka 12, pansi pa Maurice Suckling, mlongo wa mayi ake. Apa Chicheŵa chimaposa Chingerezi, pakuti liwu loti malume limanena zonse: mnyamatayo adamutsegulira njira ndi mtsibweni wake, ndipo Suckling yemweyo adali mmodzi mwa omuyesa pamene adakhoza mayeso a ulefutenanti mu 1777. Mu 1779, asanakwanitse zaka 21, Nelson adalembedwa m'kaundula wa makaputeni.

Tsiku lolembedwa m'kaundulamo ndilo lidali lalikulu pa moyo wantchito wa msirikali wapamadzi wa ku Britain nthaŵi imeneyo, koma m'zolemba zambiri za Chicheŵa silimveka n'komwe. Kaundulayo adali ngati mzere wa pachigayo: wofika m'mamaŵa ndiye woyamba kugayitsa, kaya chimanga chake n'chofumbwa. Kaputeni akalembedwa, wa pambuyo pake sakadatha kumupitirira paudindo, ndipo iyenso sakadatha kupitirira wa patsogolo pake. Kuti afike pa udindo umene Angerezi amautcha admiral, adayenera kudikira kuti a patsogolo amwalire kapena achotsedwe pamzere. Kulimba mtima pankhondo kukadatha kumupezetsa chombo chabwino, gawo la chuma cha zombo zolandidwa, ngakhalenso ulemu wochokera kwa mfumu, koma osati malo apatsogolo. Mzerewo unkayenda ngakhale munthu ali kumudzi. Kuyambira 1788 mpaka kumayambiriro kwa 1793 Nelson adalibe chombo, ankangolandira theka la malipiro ali ku Norfolk, komabe dzina lake linkasendera kutsogolo.

Tsono mlembi amene alemba kuti Nelson adakwezedwa paudindo mu 1797 chifukwa cha kulimba mtima kwake pa nkhondo ya ku Cape St Vincent, wanena zinthu ziŵiri zoona koma wazimangirira ndi chingwe chabodza. Nkhondoyo idachitika pa 14 Febuluwale, ndipo Nelson adachitadi zodabwitsa potulutsa chombo chake pamzere ndi kulanda zombo ziŵiri za Spain. Kukwezedwa kwake kudalembedwa pa 20 Febuluwale, nkhani ya nkhondoyo isanafike ku London. Nthaŵi yake pamzere idangokwana basi. Mphoto ya nkhondoyo idali ina: ulemu wotchulidwa Sir. Liwu laling'ono loti "chifukwa" ndilo limawononga chiganizocho, ndipo mkonzi amene amangoyang'ana zilembo ndi mipumiro sangaligwire.

Mzere womwewo ndiwo umamasulira za Cuthbert Collingwood, bwenzi la Nelson. Iyeyu adabadwa mu 1748, motero adali wamkulu kwa Nelson ndi zaka khumi, koma adaloŵa m'kaundula mu 1780, chaka chimodzi pambuyo pake, ndipo adakhala pansi pa mnzakeyo mpaka imfa idawalekanitsa. Umamasuliranso za Provo Wallis, amene adafika pa udindo wapamwamba pa onse mu 1877 ali nkhalamba ya zaka 86, namwalira mu 1892 ali ndi zaka 100, dzina lake likadali pakati pa ogwira ntchito. Kumutcha Wallis wa 1890 mkulu wa asirikali apamadzi, mofanana ndi Nelson wa 1805, n'kusokoneza mwana.

Gwero la chisokonezochi ndi liwu loti udindo, limene lasenzetsedwa katundu uŵiri. Pali ulemu umene munthu amavala n'kumayenda nawo kulikonse, ndipo pali ntchito imene wapatsidwa kuti aigwire kwa nthaŵi yakutiyakuti. Asirikali ndi apolisi ali nalo kale liwu la chinthu choyambacho: nyota. Chachiŵiricho Chicheŵa chimachitcha mpando, monga mpando wa ufumu kapena wa wapampando wa bungwe. Munthu angakhale ndi nyota popanda mpando, monga Wallis muukalamba wake. Angakhalenso pa mpando woposa nyota zake, monga Nelson ku Cape St Vincent, kumene adali commodore, ndiye kuti kaputeni wobwerekedwa ulamuliro wa zombo zingapo kwa kanthaŵi. Mawu aŵiriŵa si achilendo, sasoŵa kupekedwa, ndipo mphunzitsi angawafotokoze m'mphindi imodzi.

Pamene kusiyanitsaku kumafunika koposa ndi pa maina aŵiri a Chingerezi, vice admiral ndi rear admiral. Kale zombo zinkamenya nkhondo zitandandalikana m'magawo atatu: admiral pakati, vice admiral kutsogolo, rear admiral kumbuyo. M'kupita kwa nthaŵi mainaŵa adasanduka nyota chabe, osanenanso malo amene munthu aima. Womasulira wozoloŵera kunena kuti wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko, kapena wachiŵiri kwa wapampando, amalemba mosakayika kuti Nelson adali "wachiŵiri kwa mkulu wa asirikali apamadzi". Ku Copenhagen mu 1801 mawuwo amangoona mwangozi, pakuti Nelson, amene adali atangolandira kumene nyota za vice admiral, adalidi pansi pa Sir Hyde Parker. Koma ku Trafalgar pa 21 Okutobala 1805, ali ndi nyota za vice admiral zomwezo, panyanja pamenepo padalibe womuposa. Zombo 27 za Britain zimene zidakumana ndi zombo 33 za France ndi Spain zidali m'manja mwake, ndipo wachiŵiri wake adali Collingwood, nayenso vice admiral. Woŵerenga amene wauzidwa kuti amene adafa tsikulo adali wachiŵiri amafunsa funso loyenera: nanga woyambayo adali kuti? Padalibe woyamba wina. Ndipo Nelson, amene anthu amamuyesa woposa onse m'mbiri ya zombo za dziko lake, adamwalira asanafike pa nyota za admiral wathunthu.

Ku America zinthu zidali zotembenuka, ndipo mlembi wogwiritsa mawu amodzi pa maiko onse aŵiri sangazione. Kumeneko mu 1941 nyota zapamwamba zinkatsata mpando. Husband Kimmel, mwini nyota ziŵiri, adavala zinayi mu Febuluwale 1941 pamene adapatsidwa mpando wolamula zombo za ku Pacific. Japan itaphulitsa Pearl Harbor pa 7 Disembala, Kimmel adachotsedwa pampandopo pa 17 Disembala, ndipo nyota ziŵiri zobwerekazo zidatsalira pampando pomwepo. Sadaimbidwe mlandu m'bwalo la asirikali. Choncho kulemba kuti adamulanda nyota, ngati kuti lidali gamulo la oweruza, n'kuonjezera chilango chimene sichidaperekedwe. Kulemba kuti adangosiya ntchito n'kubisa manyazi amene munthuyo adafa nawo. Chiganizo choona n'chakuti adachotsedwa pampando nabwerera ku nyota zake zakale. Chester Nimitz, amene adakhala pampandowo pa 31 Disembala 1941, adalumpha kuchoka pa nyota ziŵiri kufika pa zinayi tsiku limodzi, chinthu chimene mzere wa masiku a Nelson sukadalola. Yachisanu adailandira mu Disembala 1944. Chenjezo kwa aphunzitsi n'lakuti chiŵerengero cha nyota sichiwoloka nyanja: vice admiral wa ku America amavala zitatu, pamene Nelson ankavala ziŵiri paphewa lililonse.

Nanga dzina lenilenilo likhale liti? Ena amakonda kazembe, ndipo ali ndi poimira, pakuti Buku Lopatulika limagwiritsa liwuli potchula Namani, mtsogoleri wa nkhondo wa ku Aramu. Koma kwa woŵerenga nyuzipepala kazembe ndi woimira dziko lake kunja, ndipo kazembe wa ku Britain amene adafera m'chombo ku Trafalgar angamveke ngati nthumwi imene idasochera. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Buku lomwelo, litakumana ndi udindo wa Aroma umene Chicheŵa chidalibe dzina lake, lidangobwereka n'kulemba kenturiyo, ndipo palibe amene adadandaula. Liwu loti kapitawo, lochokera ku Chipwitikizi, nalonso lidasamuka kalekale n'kukakhazikika m'minda ya tiyi ndi fodya ndiponso m'misewu, moti wolamula chombo ayenera kukhala kaputeni. Kubwereka admiral si chinthu chochititsa manyazi, pakuti Angerezinso si eni ake: muzu wake ndi liwu la Chiarabu loti amir, kutanthauza wolamula.

Kalembedwe koyenera ndi adimirale, motsatira jenerale amene adazoloŵereka kale. Liwuli limagonjera lokha lamulo loti r alembedwe pambuyo pa e ndi i, ndipo l pambuyo pa a, o ndi u. Chovuta chili pa a woyambirira, amene khutu la Mcheŵa lingamumve ngati a waulemu kapena wochulukitsa, n'kuganiza kuti mmodzi ndi dimirale. Pofuna kupeŵa zimenezi, ambiri akhale maadimirale, monga madokotala ndi mafumu, ndipo polemekeza mmodzi a waulemu aime payekha: a adimirale afika. Pa masitepe ake, kubwereka vayisi ndi liya sikuthandiza mwana chilichonse, ndipo kumasulira kuti "wakumbuyo" kumamveka ngati wotsalira m'kalasi. N'kwabwino kunena adimirale wamng'ono, adimirale wapakati, adimirale wathunthu, ndi adimirale wapamwamba pa onse. Wina angatsutse kuti wamng'ono ndi liwu lopeputsa munthu wolamula anthu zikwizikwi. Kutsutsaku kuli ndi mfundo, koma nyakwaŵa sapepuka chifukwa chakuti pamwamba pake pali gulupu, ndipo phindu la mainaŵa n'lakuti woŵerenga amadziŵa yekha amene ali pamwamba pa mnzake popanda kufotokozeredwa. Ndi mawu otere, moyo wa Nelson umakwana m'chiganizo chimodzi chosasoŵa ndemanga: lefutenanti mu 1777, kaputeni mu 1779, adimirale wamng'ono mu 1797, adimirale wapakati mu 1801.

Patsala nkhani ya zimene anthuŵa ankalamula. Sitima ndi liwu lobwereka ku dzina la Chingerezi la chombo choyendera nthunzi, ndipo ngakhale tanthauzo lake lidakula, kulemba kuti sitima ya Nelson kumaika chumuni ndi utsi pamene padali matanga ndi mphepo. Victory chidali chombo chamatabwa, chokhala ndi mizinga yoposa 100 ndi anthu oposa 800, ndipo kuchedwa kwake poyandikira adani ku Trafalgar, chikuwomberedwa chisanathe kubwezera, kudadza chifukwa mphepo idali yofooka tsikulo. Mwana amene wauzidwa kuti idali sitima sangamvetse chimene chidaletsa woyendetsa kuonjezera moto. Chombo ndi liwu lokwana nyengo zonse. Sitima isungidwire za makina.

Sitima yeniyeni ili m'mbiri ya nyanja ya Malaŵi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma la Nyasaland yotchedwa Guendolen, yolamulidwa ndi Edmund Rhoades, idapita ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene idali itakokeredwa pamtunda kuti ikonzedwe. Mfuti ya Guendolen idaimikidwa ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo ana asukulu amene amapita kukaiona ndiwo amalemba zimangirizo zotchula Rhoades kuti mkulu wa asirikali apamadzi. Rhoades adali kaputeni wa sitima imodzi.