NSANJA YA M'NKHALANGO YA GISSELFELD: KODI KUTSANZIRA CILENGEDWE N'KUTANI?

Aliyense wa ife amene anakulira kumudzi aidziwa nsanja ya kumunda. Mwini munda amazika mitengo inai ya mphanda, nayalapo timitengo, nakwera pamwamba kuti aone anyani asanafike pa cimanga. Nsanja yotere siifuna kutamidwa ai. Nchito yake ndiyo kuthandiza maso a mlonda. Tigwire muyeso umenewu pamene tiri kuweruza nsanja ina yaikulu ya ku dziko la Denmark, imene anthu ambiri aitama kuti omanga ake anatsanzira cilengedwe.

Nsanjayi iri m'nkhalango ya Gisselfeld, pa cisumbu ca Sjælland, kumwera kwa mzinda wa Copenhagen. Anailinganiza ndi akatswiri a kamangidwe a kampani ya EFFEKT, ndipo inatsegulidwa m'caka ca 2019. Msinkhu wake ndi mamita 45. Mlendo safikapo msanga, pakuti amayamba wayenda mamita 900 pa kanjira ka matabwa kokhotakhota pakati pa mitengo. Pofika patsinde amapeza kuti palibe makwerero; njira imangozungulira nikwera pang'onopang'ono, utali wa mamita 650, kufikira pamwamba.

Coyamba tiweruze maonekedwe ake. Nsanjayi iri ngati mtondo wosinjira: yotambalala pansi, yoonda m'ciuno, yotambalalanso pamwamba. Codabwitsa n'cakuti zitsulo zake zoimirira ziri zoongoka zonse. Zangopendekeka ndi kupingasana. Mungathe kuyesa ici ndi ana anu pa phunziro la nchito zamanja. Tengani mabango 20 oongoka, mumange nsonga zake ku mikombero iwiri, ndipo mupotoze mkombero wapamwamba pang'ono: ciuno cidzaoneka, ngakhale bango liri lonse likali loongoka. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mmisiri wa ku Russia, Vladimir Shukhov, anamanga nsanja ya madzi ya mtundu womwewu ku Nizhny Novgorod m'caka ca 1896, naonetsa kuti zitsulo zocepa zolukana motere zingathe kusenza katundu wambiri.

Tiona tsono kuti maonekedwewa anacokera ku masamu, osati ku mtengo kapena nyama. Komabe sitinena kuti otama aja analakwa. Mtengo suononga mphamvu yake pacabe: umakula patsinde pamene mphepo imaukoka kolimba. Nsanjayi icita cimodzimodzi. Kutambalala kwa pansi kuilimbitsa, kutambalala kwa pamwamba kupatsa anthu malo oimapo, ndipo kuonda kwa m'ciuno kusiyira malo nthambi za mitengo yozungulira. Ciwalo ciri conse ciri ndi cifukwa cake, monga momwe ziriri ziwalo za colengedwa camoyo.

Cacikulu koposa, m'maganizo anga, ndico njira yopanda makwerero ija. Makwerero amakakamiza munthu kuyang'ana mapazi ake, koma njira yotsetsereka imamasula maso. Wokwera amayamba pakati pa masamba ofota ndi mizu, napita pa makungwa a mitengo ya beech, nalowa m'nthambi momwe mukhala mbalame, naturukira pamwamba pa masamba pamene dzuwa liwala kwambiri. Aona nkhalango m'magawo ake, gawo ndi gawo, cinthu cimene woyenda pansi sangathe kuciona. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo omanga awa anamanga kudekhako m'njira yeniyeniyo. Nkhalamba ndi mwana wamng'ono akwera pamodzi.

Zomangira nazo anazisankha mwanzeru. Matabwa ndi a mtengo wa oak wa m'dera lomwelo. Citsulo n'ca mtundu umene umacita dzimbiri pamwamba pokha, ndipo dzimbirilo limateteza ca m'kati, kotero kuti sicifuna utoto. Mtundu wake wofiirira ugwirizana ndi makungwa ndi dothi.

Koma woweruza woona sabisa cirema. Nsanjayi yaposa mitengo yonse msinkhu, ndipo n'njokongola kotero kuti imakokera maso kwa iyo yokha. M'caka comweco ca 2019 magazini ya Time inaiika pa mndandanda wa malo 100 oposa onse a pa dziko lapansi. Taonani zithunzi zake zofala: zambiri zinajambulidwa kucokera m'mlengalenga, nsanja iri pakati, nkhalango yasanduka mphasa yoyalira mfumu. Pamenepa mlonda waiwala munda nayamba kuyamikira nsanja. Ndiponso pamwamba penipeni mtengo suonekanso monga mtengo. Pamangooneka kubiriwira kopanda maina. Ndiyesa kuti gawo lopambana la ulendo wonse liri m'ciuno, pamene tsamba liri pafupi ndi dzanja, koma kamangidwe kake kauza mlendo kuti mphotho iri pamwamba.

Kuti cirema ici cioneke bwino, tiyerekeze ndi nchito ina ya kuno ku Africa. M'munda wa zomera wa Kirstenbosch, ku Cape Town, anatsegula m'caka ca 2014 mlatho woyenda m'nthambi za mitengo, wolinganizidwa ndi Mark Thomas pamodzi ndi Henry Fagan. Utali wake ndi mamita 130, ndipo pamene wakwera koposa ndi mamita 12 okha. Zitsulo zake anazipanga ngati msana ndi nthiti za njoka, ndiye anthu amauchula kuti Boomslang, njoka ya m'mitengo. Dzinalo likondweretsa ana, koma ubwino wa mlathowo suli m'kufanana ndi njoka. Uli m'khalidwe lake: umapatukira mitengo, numira m'masamba, nuturukanso pang'ono kuti munthu aone phiri. Nsanja ya ku Denmark iupambana pa luso la masamu. Mlathowu upambana pa kudzicepetsa.

Ciweruzo canga n'cakuti nsanja ya Gisselfeld ndi nchito yabwino ndithu, koma ubwino wake uli m'kukwera, osati pamwamba pamene anthu amathamangira. Kutsanzira cilengedwe sikupanga cinthu cooneka ngati tsamba kapena njoka. Ndiko kumvera malamulo amene cilengedwe cimvera, ndi kubweza maso a munthu kwa ico.

Inu aphunzitsi a mawa, mau awa akukhudzani. Mudzajambula zithunzi zokongola za maluwa pa bolodi, ndipo ana adzakutamani. Koma mwana akaloweza cithunzi canu, nalephera kusiyanitsa msuku ndi muwanga kuseri kwa sukulu, mwamanga nsanja yobisa nkhalango. Turukani nawo, muyende pang'onopang'ono, muyambire pa mizu.