Kodi Fayilo ya MIDI ndi "Nyimbo Yojambulidwa"?

Mawu atsopano akalowa m'chinenero molakwika, amasocheretsa ophunzira kwa zaka zambiri. M'nkhani ino tiunika mawu atatu amene womasulira angathamangire kugwiritsa ntchito pofotokoza za piyano zoimba zokha, monga Disklavier ya kampani ya Yamaha, imene inayamba kugulitsidwa ku America mu 1987.

Tiyambe ndi chida chenichenicho. Piyano yotere ili ndi nsambo, tinyundo ndi makiyi 88 ngati piyano ina iliyonse. Kusiyana kwake n'kwakuti pansi pa makiyi pali timaginito ta magetsi timene timakankha makiyiwo potsata zimene zalembedwa m'fayilo. Kalembedwe kofala ka fayilo zimenezi kamachokera pa dongosolo la MIDI, limene linakhazikitsidwa mu 1983.

Choyamba, mawu akuti "nyimbo yojambulidwa" sakuyenera fayilo ya MIDI. Tikati tajambula nyimbo pa kaseti, timatanthauza kuti tasunga mawu ake omveka m'makutu. Koma m'fayilo ya MIDI mulibe liwu ngakhale limodzi. Muli manambala okha onena kiyi yoti igundidwe, nthawi yoigunda, nthawi yoisiya, ndi nthawi yoponda chopondera. Makiyi a piyano anapatsidwa manambala kuyambira 21 kufikira 108, ndipo C wapakati ndi 60. Liwu limabadwa pamene kanyundo kagunda nsambo. N'chifukwa chake fayilo imodzi yomweyo imamveka mosiyana pa piyano ziwiri. Kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi mpukutu wa pepala wobooledwabooledwa. Pepalalo silinkaimba, linkangolamula. Motero mawu oyenera ndi "malangizo a kaimbidwe".

Chachiwiri, mawu a Chingerezi akuti velocity tisawamasulire kuti "liwiro". N'zoona kuti makina amayeza kufulumira kwa kiyi pamene ikutsika, ndipo amakupatsa nambala yosapitirira 127. Komabe Mchewa akamva "liwiro" pa nkhani ya nyimbo, amaganiza za kuthamanga kapena kuchedwa kwa nyimbo yonse, chimene chili chinthu china ndithu. Chimene khutu limamva nambalayi ikakwera ndi kukula kwa liwu. Tikati "mphamvu ya kagundidwe", wophunzira sangasokonezeke, ndipo "liwiro" lidzatsalira ntchito yake.

Chachitatu, mawu amodzi akuti "njira" sangasenze katundu wa track ndi channel pamodzi. Track ndi mndandanda wa malangizo monga alembedwera m'fayilo, tingautche "mzere". Channel ndi kumene malangizowo amadzera popita ku chida choimbira. Tingati "mpita", ndipo mipitayi ilipo 16. Phindu la kusiyanitsaku limaoneka pofotokoza mitundu ya fayilo. Mu Mtundu 0 malangizo onse ali mu mzere umodzi, ngakhale adzere m'mipita yambiri. Mu Mtundu 1 muli mizere ingapo yoyenda nthawi imodzi. Womasulira amene walemba "njira" ponseponse adzapezeka akunena kuti Mtundu 0 uli ndi njira imodzi yokhala ndi njira 16, ndipo wowerenga adzangogwira njakata.

Ena adzati mawu tapereka panowa ndi aatali. Kudandaulaku n'komveka, pakuti "mphamvu ya kagundidwe" ndi mawu atatu m'malo mwa amodzi. Koma anthu amafupikitsa okha mawu akawazolowera, pamene tanthauzo lolakwika likazika mizu limavuta kuzula.

Pomaliza, mayina monga MIDI ndi E-SEQ, kalembedwe kamene Yamaha inkagwiritsa ntchito pa madisiki a Disklavier zoyambirira, tiwasiye monga alili, pakuti ndi momwe munthu adzawapezere pa chida ndi m'mabuku ake. Pempho lathu kwa alembi, akonzi ndi aphunzitsi ndi ili: musanapatse chinthu dzina, yambani mwafunsa chimene chasungidwa m'kati mwake.