Funso la Mwana ndi Mafupa a ku Malema

Mlare ndi malo a m'boma la Karonga, kumwera kwa tauni, m'mbali mwa msewu wopita ku Chilumba. Pafupi pake pali Malema, kumene mvula ikakokolola dothi imasiya poyera mano ndi mafupa a nyama zakale zedi. M'chaka cha 1991 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza chibwano cha munthu wakale ku Uraha, kufupi ndi Chilumba. Chibwanocho chili ndi zaka zoposa 2 miliyoni. Pambuyo pake ku Malema nakonso kudapezeka chidutswa cha nsagwada ya mtundu wina wa anthu akale. Motero mwana wa ku Mlare akamapita kusukulu amaponda nthaka imene ena amawolokera nyanja kudzaifukula.

Kodi kaphunzitsidwe ka m'kalasi kamampatsa mwanayu mpata woti afunse za nthaka yakeyo? Kawirikawiri ayi. M'masukulu ambiri a pulaimale m'Malawi muno mphunzitsi amatchula mawu, ana n'kubwereza onse pamodzi ngati kwaya. Akafunsa kuti, "Mwamva?" onse amati, "Eee!" ngakhale amene sadamve kanthu. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, ndipo woinyoza kotheratu sadaimepo pamaso pa ana zana limodzi. Boma litachotsa fizi m'chaka cha 1994, ana adakhamukira kusukulu mwakuti ena ankaphunzirira pansi pa mtengo, buku limodzi n'kumawerenga anayi. Pamenepo kuloweza pamodzi kudapulumutsa ambiri: matebulo a masamu ndi maphatikizo a malembo amakhazikika m'mutu mwa njira yomweyi.

Vuto lake n'lakuti kwaya ilibe malo a mwana mmodzi. Wokweza dzanja kuti afunse amaoneka ngati wasokoneza nyimbo. Makolo adati safunsa adadya phula, koma m'kalasi yotere wofunsa ndiye amasekedwa.

Chinanso ndi chiyankhulo. Mwana wa ku Karonga amalota m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka, ndipo funso lake limabadwira m'chiyankhulo chomwecho. Kuyambira mu 1968 ankaphunzitsidwa m'Chichewa m'makalasi oyamba. Mu 1996 unduna wa maphunziro udalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku ake sadafike m'manja mwa ana ambiri. Mu 2014 kudalengezedwanso kuti aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Mwana amene ayenera kuyamba wamasulira funso lake asadalitulutse pakamwa, nthawi zambiri amangolimeza. Mphunzitsi, atamuona ali duu, amaganiza kuti ndi mbuli.

Silabasi imene idayamba mu 2007 imanena zoona ikamati wophunzira ndiye akhale pakati pa phunziro. Koma mawu a papepala sachepetsa chiwerengero cha ana, ndiponso mayeso a Sitandade 8 amakondabe woloweza kuposa wofufuza.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004, imaonetsa njira ina. Mwana akaima pansi pa chigoba cha Malawisaurus, chilombo chakale chimene mafupa ake adafukulidwa ku Mwakasyunguti, safunika kumuuza kuti afunse. Chinkadya chiyani? Chidafa bwanji? Nanga anthu adali kuti? Komatu si sukulu iliyonse imene ingapeze ndalama ya galimoto, ndipo ulendo umodzi pa zaka zisanu ndi zitatu ndi wochepa.

Chimene chingatheke tsiku lililonse n'chaching'ono. Mwana akabwera ndi mwala wooneka ngati dzino umene wauona m'ngalande, mphunzitsi angaimitse phunziro kwa mphindi zisanu, n'kulola kuti mwanayo afotokoze m'chiyankhulo chake kumene wautola. Angavomere kuti iye mwini saudziwa, kenaka n'kuuzungulitsa m'manja mwa ana onse, asadautumize kwa osunga zakale ku Karonga kuti akauone.